Chiswe Athyola Makompyuta a Alamu Ake

Kuntchito ankamutchula kuti Chiswe, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka amuna ake omwe anayamba kumuitana choncho. Anali mayi wamfupi, wosakonda zolongolola, wa ana awiri amapasa. Mukanakumana naye mu minibasi, chikwama chili pamiyendo, mukanayesa ndi kalaliki wa mu ofesi ina yake. Koma ntchito yake inali yothyola makompyuta a anthu. Eni ake ankachita kumuitana okha, kumulembera kalata, kuidinda, n'kumuuza kuti, "Lowani ngati mungathe, mutiuze pomwe mbava zingadzere." Iye ankalowa mwakachetechete, eni ake n'kudzazindikira chitseko chitadyeka kale m'kati. Dzina lija linachokera pamenepo.

Chida chake chachikulu chinali kafulashi kakuda. M'kafulashimo munali sisitimu yoyendetsera kompyuta, yosiyana ndi zija za m'maofesi zolembera makalata. Iyi inapangidwira anthu a ntchito yake. Akailowetsa mu laputopu n'kuyatsa, makinawo ankadzuka ali ena, atadzaza ndi zida: china chowerenga makina onse olumikizana pamalopo, china chogogoda khomo lililonse kuti chione losatseka bwino, china choyesa mapasiwedi zikwizikwi osatopa. Zida zomwezo mbava nazonso zili nazo, poti aliyense angathe kuzitenga pa intaneti. Chomwe chinkasiyanitsa Chiswe ndi mbava chinali kalata ija basi. N'chifukwa chake ankaikutira m'pulasitiki, ndipo sankayatsa laputopu asanaigwire kaye kuti atsimikize kuti ilipo.

Amuna ake, omwe anali makaniko wa malole, ankakonda kumunena. "Anzanga anakwatira anamwino ndi aphunzitsi," ankatero, "ine ndinakwatira mbava ya chidindo."

Ntchitoyi sanaitole panjira. Bambo ake atamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anakakhala kwa akulu ake omwe anali pabanja. Alamu ake anali ndi kashopu kokonzera makompyuta, kachipinda kopapatiza kuseri kwa sitolo ya nsapato, konunkha waya wopsa. Munthu wamtali, wa dazi, wa nthabwala zosatha. Ndiwo anamugwiritsa sikuludiraiva koyamba, ndiwo anakakamira kuti apitirize sukulu pomwe achibale ankati mtsikana wakula, apeze banja. Kashopu kaja katatha, alamuwo analembedwa ntchito pa chipatala china cha anthu olipira, kuyang'anira makompyuta onse okhaokha. Anakhalapo zaka khumi ndi zinayi. Pulinta ikakana, foni ikazima, ngakhale ketulo ya anamwino ikasiya kutentha, ankathamangira iwo.

Tsiku lina Lachinayi, abwana ake a Chiswe anamuitanira mu ofesi mwawo. Kampani yawo inali ya anthu asanu okha, m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya penti. Anamukankhira kalata patebulo. Chiswe atawerenga dzina la chipatalacho, anaibweza kalatayo patebulo.

"Bwana, apa pamagwira alamu anga. Ndiwo amayang'anira makina omwewa."

"Ndikudziwa," anatero abwanawo akupukuta magalasi. "Mkulu wa chipatala ndamuuza, wati palibe vuto. Mnzako winayo wodziwa ntchitoyi ali kutali ndi ntchito ina mpaka mwezi wamawa, ndipo awa akufuna sabata ikubwerayi."

"Nanga ndikapanda kupeza kanthu, sadzati ndabisa?"

"Adzatero. Ukapeza, kwanu adzati wagulitsa mbale. Khoswe wakhala pamkhate, mayi. Koma ntchito ndi ntchito. Ndipo lamulo ukulidziwa: wa makompyuta wa pamalopo sauzidwa."

Lamulungu lake, monga ankachitira mwezi uliwonse, Chiswe anapita ndi mapasa kukadya kwa akulu ake. Alamu anali pakhonde, akukonza rimoti ya TV ndi kampeni ka kukhitchini.

"Alamu anga akuba aja afika! Bisani mafoni!" anafuula choncho, ana n'kugwa nako kuseka. "Masiku ano mukuthyola kuti?"

"Apo ndi apo, alamu."

"Kwathu kokha musadzayerekeze. Ndinamanga ndi waya waminga."

Anaseka okha, kenaka anatsitsa mawu kuti akazi awo asamve. "Kunena zoona, makina aja akuyendera mapemphero. Seva ija ndi yakale kuposa mapasa anuwa. Ndalemba makalata mpaka dzanja kuwawa."

Chiswe anangoyang'ana m'mbale. Akulu ake anamuwonjezera nyama, akumudzudzula kuti waonda. Anadya, koma sanamve kukoma kwa chilichonse. Pobwerera, mmodzi wa mapasa anafunsa chifukwa chomwe amayi sanaseke nthabwala za abambo aakulu, iye anangoti mutu ukumuwawa.

Lachiwiri m'mawa anakakhala m'chipinda chodikirira odwala, mpango uli kumutu, ngati wodwala wina aliyense. Mabenchi a pulasitiki, fungo la mankhwala okolopera, mayi wina akusisita mwana wotsokomola. Anagwira kalata yake m'chikwama, analowetsa fulashi, n'kulumikiza laputopu ku intaneti yaulere ya alendo. Intaneti ya alendo imayenera kukhala payokha, ngati khonde lomwe lilibe khomo lolowera kuchipinda. Apa sizinali choncho. Pasanathe theka la ola, makina onse a chipatalacho anali atandandalikana pamaso pake, makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, kuphatikizapo a ku labu ndi seva yosunga mafayilo a odwala.

Seva inafunsa pasiwedi. Apa Chiswe anachotsa manja pamabatani n'kuwapinda pachifuwa. Pasiwediyo ankaidziwa. Kuyambira masiku a kashopu kaja, alamu ake ankagwiritsa ntchito dzina la galu wawo woyamba ndi chaka chomwe anakwatira. Koma mbava yachilendo sikanadziwa za galu ameneyo, ndipo iye sanafune kuthyola nyumba ndi kiyi yemwe anamuona ali mwana wa pakhomopo. Anatsegula chida choyesa mapasiwedi, n'kuchisiya chiyese chokha mawu wamba omwe anthu ambiri amakonda. Mumtima ankapempha kuti chilephere.

Chidacho chili m'kati moyesa, alamu anatulukira m'kanjira ka ku labu atanyamula pulinta pamimba ngati mwana. Anaima n'kunena kanthu kwa mayi wokolopa, mayiyo anaseka mpaka kutsamira mopu. Chiswe anakokera mpango kumaso n'kuwerama. Anadutsa pafupi, nsapato zawo zakutha chidendene zikulira pa matailosi. Atakweza mutu, pasiwedi inali itaoneka kale pa laputopu. Inali yomwe ija. Zinatenga mphindi zisanu ndi zinayi.

Zikanathera pamenepo, bwenzi ili nkhani ya manyazi chabe. Koma atalowa m'sevamo anapeza kuti sanali woyamba. Munali akaunti ina yobisika, yopatsidwa dzina lofanana ndi la makina kuti isaoneke. Tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro, akauntiyo inkakopera mafayilo n'kuwatumiza kunja. Anayang'ana masiku ake: miyezi isanu. Mayina a odwala, manambala a foni, zotsatira za magazi, za azimayi oyembekezera, za anthu omwe ngakhale akazi kapena amuna awo sanawauze chomwe akudwala.

Anatseka laputopu n'kutuluka panja. Anakaima pakati pa magalimoto awiri, foni ili m'manja. Lamulo la ntchito yake linali lomveka: ukapeza kuti mbava yeniyeni ili kale m'kati, siya zonse, imba foni kwa abwana. Koma chala chinapita chokha pa nambala ya alamu. Ola limodzi lokha, anaganiza choncho, ndiwapatse ola limodzi. Kenaka anadzifunsa chomwe akanachita ndi olalo. Ankawadziwa. Akanathamanga kukafufuta akaunti ija ndi mantha, umboni wonse n'kufafanizika, ndipo tsiku lowafufuza likanadzaoneka ngati iwo ndiwo ankabisa mapazi awo. Anaimbira abwana ake.

Masana omwewo anakhala mu ofesi ya mkulu wa chipatala, bambo wonenepa wa mawu ofewa, yemwe ankamwetulira ngakhale pokwiya. Abwana a Chiswe anali atafika. Mkuluyo anatuma munthu kukaitana wa makompyuta. Alamu analowa akupukuta inki m'manja, ndipo ataona Chiswe nkhope yawo inasintha.

"Alamu! Mwadwala? Kapena ndi ana? Bwanji osandiimbira?"

Kenaka alamu anayang'ana patebulo. Maso awo anatsikira pa laputopu, pa kafulashi kakuda, pa kalata ya m'pulasitiki. Anakhala pampando pang'onopang'ono, asanauzidwe kuti akhale.

"Oo," anatero. "Ndiye ndi kuno."

Chiswe anafotokoza zonse, mawu ali pansi, akuyang'ana pa tebulo. Atafika pa miyezi isanu ija, alamu anagwira dazi lawo ndi manja onse awiri. Sanadzikanire, sanakalipe. Anangofunsa ngati mafayilo a ku chipinda cha azimayi nawonso anatengedwa, ndipo atamva kuti inde, anati, "Mayo ine," ngati munthu wapondedwa chala.

Lipoti linamutengera Chiswe masabata awiri. Analemba zonse mosabisa: intaneti ya alendo yosapatulidwa, pasiwedi yofooka, seva yomwe opanga ake anasiya kale kuitumizira zotseka mabowo. Koma m'sevamo, momwe kalata yake inkamuloleza kuyang'ana, anapezamonso makalata asanu ndi awiri omwe alamu analembera akuluakulu m'zaka zinayi, kupempha seva yatsopano, chida chotchingira netiweki, ndi munthu wachiwiri wowathandiza. Yankho linali limodzi nthawi zonse: dikirani chaka chamawa. Zimenezi anaziika pa tsamba lachisanu ndi chinayi.

Mkulu wa chipatala atawerenga, anaimba foni akumwetulira, mawu okha ankamveka kutero. Anati iwo anapempha kuti awayezere makina, osati utsogoleri wawo, choncho tsambalo lichoke.

"Silichoka," Chiswe anauza abwana ake. "Popanda tsamba limeneli lipotili likunama."

"Silikunama. Langokhala chete penapake."

"Ndiye dzina langa mulichotsepo."

Abwanawo anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Anali munthu wabwino, koma anali ndi anthu asanu owadyetsa, ndipo chipatalacho chinali ndi nthambi zina zitatu zofuna kuyezedwa. Lipoti linapita lopanda tsambalo, dzina la Chiswe lili pomwepo pachikuto.

Mwezi usanathe alamu anachotsedwa ntchito chifukwa cha kunyozera udindo. Nthawi yomweyo odwala ena anayamba kulandira mafoni a anthu osawadziwa, owopseza kuti aulula matenda awo kwa abale ndi kuntchito. Nkhani inafalikira, ndipo pakamwa pa anthu inakula: ena ankati wa makompyuta uja ndiye ankagulitsa mafayilo. Kutchalitchi anthu anayamba kuwapatsa moni wa patali.

Akulu ake a Chiswe anabwera Loweruka m'mawa, iye akuchapa mayunifolomu a ana kuseri kwa nyumba. Anakana mpando.

"Ndingofunsa chimodzi. Lamulungu lija unabwera kwathu, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, achemwali."

"Unkadziwa. Ndikukuwonjezera nyama, ndikuti mwana wa amayi anga waonda, iwe uli ndi mpeni m'chikwama."

"Sindikanatha kunena. Ntchito yake ndi yotero. Ndipo mbava zija zinali kale m'kati, ine ndisana..."

"Usandiuze za mbava! Bamboyu anakulera. Anthu ankati ukwatiwe, iye anakana, anagona ndi njala kuti iwe ukhale ndi mabuku. Mawu amodzi okha, kungoti alamu konzani pakhomo panu kukubwera alendo, akanakuthyola khosi?"

Chiswe anaima thovu likudontha m'manja. Akanatha kunena za tsamba lachisanu ndi chinayi, koma anali atasaina kuti za m'lipoti sadzauza munthu. Akanatha kunena kuti ngakhale akanawachenjeza, masiku ochepa aja sakanakonza za zaka zinayi. Koma pansi pa mtima sankadziwa ngati zimenezo zinali zoona zonse. Pasiwedi yokha ija akanaisintha, ndipo mwina manyazi akanachepa. Anangoti, "Pepani, achemwali."

"Pepani wakoyo ukadyetse mapasa," anatero akulu akewo, n'kutuluka osatseka geti.

Amuna a Chiswe, omwe anamva zonse ali pansi pa galimoto ya neba, anatuluka akupukuta girisi. Tsiku limenelo nthabwala analibe. Anangotenga beseni n'kuyamba kuyanika zovala.

Patapita miyezi itatu alamu anakasuma ku khoti la za ntchito. Sanamuimbire Chiswe. Yemwe anabwera anali loya wawo, mtsikana wongoyamba kumene ntchito, kudzafunsa ngati angakachitire umboni. Chiswe anakafunsa abwana ake.

"Ukapita mwa kufuna kwako, waphwanya zomwe tinasaina, ndipo usabwererenso kuno," anatero. "Koma khoti likakuitana ndi kalata, ine ndilibe pakamwa." Anatsokomola. "Loyayo ngati sadziwa kalembedwe ka kalata yoteroyo, umuuze afunse."

Kalata ya khoti inabwera. Mlandu unaimitsidwa kanayi, ndipo kanayi konse Chiswe ndi alamu ake anakhala pabenchi imodzi m'kanjira ka khotilo, pakati pawo pali malo a anthu awiri. Ankapatsana moni basi. Alamu anali ataonda, kolala ya shati ikuwazungulira khosi.

Tsiku lomwe anaitanidwa kutsogolo, loya wa chipatala sanataye nthawi.

"Mayi, pasiwedi ya seva inali yolimba kapena yofooka?"

"Yofooka."

"Munaithyola mu nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi zisanu ndi zinayi."

"Kusankha pasiwedi yabwino kumafuna seva yatsopano?"

"Ayi."

M'khotimo wina anaseka. Chiswe sanayang'ane komwe kunali alamu, koma anamva mpando wawo ukulira. Kenaka loya wamng'ono uja anaimirira n'kufunsa ngati lipoti lomwe lili pamaso pa khoti ndi lonse monga analilembera. Chiswe anati ayi. Anafotokoza za tsamba lija, za makalata asanu ndi awiri, masiku ake ndi mayankho ake, poti zonse anali atazisunga m'mutu. Ananenanso kuti mapazi a mbava zija ankachokera kunja, ndipo sanapeze chilichonse chosonyeza kuti wa makompyuta ankadziwa. Mkulu wa chipatala anamvetsera zonsezi akumwetulira.

Chigamulo chinatuluka chogawikana. Khoti linati alamu sanabe kapena kugulitsa kanthu, ndipo chipatala chinalakwa powasenzetsa okha katundu wa anthu ambiri. Linatinso alamuwo anali ndi mbali yawo ya kunyozera. Analandira kalata yoyeretsa dzina lawo, koma ntchito sanabwererepo, ndipo kwina konse komwe anakafunsira ankayang'ana imvi za m'mbali mwa dazi lija n'kuwauza kuti adzawaimbira.

Chiswe naye zinamutsata. Mbiri inamveka m'makampani kuti mayi uja amakalankhula kukhoti, ndipo ena poitana kampani yawo ankachita kunena kuti mutitumizire wina. Abwana ake sanamuchotse, anangomukhazika pa desiki kuti azikonza malipoti a anzake. Anapirira miyezi isanu ndi umodzi, kenaka anasiya yekha. Anapeza malo pa kakoleji kena, komwe mpaka pano amaphunzitsa achinyamata kugwiritsa ntchito sisitimu ija, pa makina akeake a m'kalasi omwe salumikizana ndi a munthu aliyense. Ophunzira amati ndi wovuta. Amene wayesa zidazo pa netiweki ya koleji popanda chilolezo amamutulutsa m'kalasi osamva zifukwa.

Chaka chitatha chigamulireni mlandu, analimba mtima n'kupita kwa akulu ake yekha. Anapeza alamu ataika tebulo pageti, ambulera ili pamwamba, akukonza mafoni a anthu odutsa. Akulu ake anamulandira, anamulowetsa pabalaza, n'kumupangira tiyi m'makapu a m'kabati, aja osungira alendo. Anafunsa za ana, za amuna ake, za koleji. Atatha mafunso anapita kukhitchini ndipo sanabwerenso.

Chiswe anatuluka n'kukakhala pa kabenchi pambali pa tebulo lija. Alamu anali atawerama pa foni yosweka galasi, akutola tizomangira ndi kachitsulo kopanira.

"Anthu aja anagwidwa?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ayi, alamu. Apolisi anati ali kunja kwa dziko."

"Akuimbirabe odwala?"

"Ndikumva kuti nthawi zina."

Anagwedeza mutu. "Panali mayi wina ankabwera mwezi uliwonse kudzatenga mankhwala. Ankandipatsa moni ngati ndine dokotala. Ndinakumana naye pa siteji ya basi mwezi wathawu. Banja lake linatha, amuna ake analandira foni." Anaika kachitsulo kaja pansi. "Anandipatsanso moni bwinobwino. Sadziwa kuti ndi ine."

"Si inu nokha, alamu. Khoti linanena."

"Khoti linanena," anavomera. "Koma dzina la galu uja pa seva ndinalilemba ndine."

Kunabwera mnyamata wa njinga yamoto kudzatenga foni yake, ndipo alamu anadzuka n'kuyamba kumulangiza kuti asamaitchaje ndi waya wothyoka. Chiswe anadikira pang'ono, kenaka analowa kukatsanzika. Akulu ake anamuperekeza mpaka pageti pokha, manja ali m'chiuno.

"Ana uwatumize Loweruka," anatero. "Bambowa amawasowa, akawaona amadya bwino. Abambo awo angathe kuwabweretsa. Iwe usavutike."

Chiswe anati chabwino. Loweruka anawasambitsa mapasa, anawaveka, n'kuwakweza m'galimoto ya amuna ake, iye n'kubwerera m'nyumba kukachonga mayeso a ophunzira ake.